Mwala Wofiira pa Sikelo ya Bouazza

Ku Beni Mellal anthu awiri akamakangana za kulemera kwa thumba, mkangano unkatha ndi mawu amodzi okha: tiyeni kwa Bouazza. Bouazza ndi woyeza maolivi pa chigayo cha mafuta chomwe chili m'mbali mwa msewu wopita kumapiri, ndipo ntchitoyi waigwira zaka makumi atatu. Sikelo yake ndi yachikale, ija yoti thumba umaika pathandala lachitsulo, kenako n'kumakoloweka miyala yachitsulo kunsonga ya mkono wa sikeloyo mpaka mkonowo utaima pakatikati. Zigayo zina zonse zidagula kale masikelo amagetsi, koma alimi ankazidutsa ndi abulu awo n'kubwera kwa iye.

Mbiri imeneyi sidagwe kumwamba. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, Bouazza adagwira wamalonda wina akubera alimi pamsika. Munthuyo adaboola mwala wolembedwa 100 n'kuthiramo mtovu, mwakuti unkafuna makilogalamu 115 kuti unyamuke. Bouazza adauzindikira pongougwira m'manja. Adaulanda msika wonse ukuona, naupaka utoto wofiira, n'kuuika pashelefu pamwamba pa sikelo yake. Mlimi aliyense wobwera koyamba ankaonetsedwa mwalawo ndi kumva nkhani yake, kaya wafunsa kaya sanafunse. Tisaname, Bouazza ankaunyadira mwalawo kuposa mmene ankanyadira ana ake.

Tsono ntchito yoyeza maolivi ili ndi msampha wake. Mafuta oyamba akangotuluka, mwini wake amanyema buledi, n'kuviika, n'kupatsa woyeza kuti alawe. Kukana n'kunyoza mitengo ya munthu, ndipo Bouazza sadabadwe wonyoza. Alimi makumi awiri patsiku, miyezi itatu pachaka, zaka makumi atatu. Zotsatira zake zinkaonekera pakhomo la chigayo, pomwe Bouazza ankalowa chammbali.

Chomwe anthu ambiri sankachimvetsa n'chakuti chimunthu chimenechi Loweruka lililonse chinkauluka. Kuseri kwa minda ya malalanje kuli bwalo, ndipo pabwalopo pali kalabu ya anthu oyendetsa ndege zopanda injini. Makina amakoka ndege ndi chingwe chachitali mpaka itakwera, woyendetsa amamasula chingwecho, ndiye zotsalazo n'za iye ndi mphepo. Bouazza ankaziona ali padenga la chigayo zikuzungulira limodzi ndi adokowe, ndipo atapitirira zaka makumi anayi adapita kukafunsa ngati amalandiranso anthu a kuchigayo. Adamuphunzitsa ndi a Haji Larbi, mkulu wouma thupi ndi pakamwa pomwe, amene ankakhala mpando wakumbuyo n'kumangoti, "Ndodo yowongolera ndegeyo si mpini wa khasu, igwire ngati dzanja la mwana."

Ukaipa dziwa nyimbo. Pansi Bouazza ankayenda ali wefuwefu, koma kumwamba dzanja lake linali lopepuka, ndipo mpweya wotentha wokweza ndege ankaumva ndi msana anzake asanauone pageji yoonetsa kukwera kwa ndege. Ena akamatera pakatha theka la ola, iye ankakhala komweko maola atatu. Kumwamba kokha n'kumene thupi lake silinkamuchititsa manyazi.

M'shedi yosungiramo ndege muli bolodi, ndipo pabolodipo aliyense amalemba ndi choko dzina lake ndi kulemera kwake. Si zachibwana ayi. Ndege iliyonse ili ndi malire a katundu amene mpando wake ungasenze. Wopepuka kwambiri, monga Lahcen, mphunzitsi wopuma ntchito amene anali mnzake wa Bouazza wa ponda apa nane mpondepo, amakhalira kapilo ka mtovu. Wolemera kwambiri amatsala pansi. Aliyense amadulako makilogalamu awiri kapena atatu polemba, ndipo palibe amatsutsa mnzake, pajatu anyani sasekana zikundu. Bouazza adalemba 100 tsiku lomwe adayamba. Nthawi imeneyo zinali pafupi ndi zoona. Choko chikafufutika ankabwerezamo nambala yomweyo, chaka ndi chaka, zaka khumi ndi zinayi. Nanga ndani akanafunsa munthu wa sikelo za kulemera kwake?

Mavuto adayamba pomwe ophunzira adachuluka ndipo ndege ya kalabu ya mipando iwiri ija idayamba kusowa mpata. Akale adauzidwa mwaulemu kuti aganize zopeza zawo. Bouazza anali atasunga kangachepe kwa zaka zisanu ndi zinayi, kokwana ndege yakale yokha, ndipo ndege zakale zambiri adazipangira anthu amene adakula nthawi ya njala.

Yoyamba adakaiona ku Meknes, yamatabwa ndi nsalu, yotsika mtengo ndithu. Bouazza adalowetsa miyendo, nalowetsa m'chiuno movutikira, koma mapewa adakana. China chake chidalira kuti kwee chakumanzere.

"Achimwene, tulukani pang'onopang'ono," adatero mwini ndegeyo, nkhope itachita tsinya. "Matabwawo ndi aakulu msinkhu kuposa inu."

"Aise, wapeza nsapato," adatero Lahcen. "Gula ziwiri, ina ya phazi linalo."

Bouazza adaseka nawo, chifukwa wonenepa akapanda kuseka anthu amati wakwiya. Yachiwiri inali ku Marrakech, yoyera, yosalala, yoti woyendetsa amachita kugona chagada. Mmenemo adalowa yense, koma chivundikiro chagalasi chidamugunda pamutu chisanatsekeke. Adapinda khosi, adavula chipewa, adavula ndi nsapato zomwe, koma sichidatheke. Choipa kwambiri chinali kutuluka. Padafunika amuna atatu, awiri m'khwapa, mmodzi kukoka lamba wa buluku, pomwe mkazi wa mwini ndegeyo ndi ana ake aakazi ankaonerera ali m'galimoto, atagwira pakamwa. Pobwerera Lahcen adayesa nthabwala ziwiri, koma ataona nkhope ya mnzakeyo adatsegula wailesi. Ndege zatsopano zokhala ndi malo okwanira zinalipo, koma mtengo wake unali wa nyumba yapamsewu.

Ndiye kudamveka kuti a Haji Larbi akugulitsa yawo. Maso adali atawathawa, ndipo dokotala adakana kuwasainira pepala la chaka chimenecho. Ndege yawoyo anthu ankaitcha Beseni chifukwa cha kukula kwa mimba yake. Sinali yokongola, sinali yothamanga, phiko lake lamanzere lidamatidwapo kawiri, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake unali woti Bouazza angaukwanitse. Adavala parachuti, nalowa. Mapewa adakwana. Mawondo sadagunde mageji. Lahcen adatsitsa chivundikiro chagalasi, chidatsekeka kuti khethe, ndipo pakati pa mutu ndi galasi padatsala malo okwana nkhonya, monga amafunira. Bouazza adakhala mmenemo misozi ili lengelenge. Inali nthawi yoyamba chinthu chotsika mtengo kumukwana.

A Haji adagogoda pagalasi, naloza kachikwangwani komatidwa pafupi ndi bondo lake. "Wawerenga apo?"

Padalembedwa kuti woyendetsa pamodzi ndi parachuti asapitirire makilogalamu 108. Ndege ikamatidwa imalemera, ndipo chilichonse chomwe yawonjezera chimachotsedwa pa gawo la munthu.

"Ndawerenga, a Haji. Handiredi, kuphatikiza seveni ya parachuti. Ndikutsala ndi imodzi."

"Ndi zomwe bolodi likunena," adatero a Haji. "Koma ine, mwana wanga, sindigulitsa ndege kwa munthu amene sindinamuone ataima pasikelo, parachuti ili kumsana. Si iwe wekha, n'chimodzimodzi angakhale mwana wa mfumu. Sikelo ya kalabu idathyoka kalekale. Loweruka ubwere ndi yako, imeneyo palibe angaitsutse. Lamulungu kukubwera munthu wa ku Casablanca, wowonda ngati Lahcen, ndalama ali nazo m'thumba. Koma ndikadakonda Beseni akhale pano pomwe, kwa munthu amene ndidamuphunzitsa ndekha."

Lachisanu masana, anthu onse atapita ku mapemphero, Bouazza adatsala pachigayo, nanena kuti m'mimba simuli bwino. Adatseka chitseko, navula nsapato ndi jekete, nakwera pa sikelo yake. Zaka zonsezi anali atayezapo maolivi a theka la chigawo, nkhosa, ngakhale injini ya thirakitala, koma iye mwini ankalambalala thandala lija ngati lotentha. Adakoloweka mwala wa 100, mkono sudagwedezeke. Adawonjezera wa 10, sudagwedezeke. Udaima pa 115. Adatsika, nakweranso, ngati kuti sikelo ingasinthe maganizo. Sidasinthe, poti adaikonza yekha kuti isamasinthe maganizo.

Ndi parachuti zinkakwana 122. Kutsitsa makilogalamu khumi ndi anayi pofika mawa, ngakhale atadula mwendo sakadakwanitsa. Ndipo nkhani sinali ya Beseni yekha. Mpando wa ndege ya kalabu umathera pa 110, kutanthauza kuti kwa zaka zingapo ankauluka mopitirira malire, Lahcen ali kumbuyo kwake, wosadziwa kanthu. Kunena zoona mawa kunali kutaya Beseni, kutaya ndege ya kalabu, ndi kuvula pamaso pa anthu. Adakhala pathumba la maolivi, manja ali m'masaya, ndipo pomwe adakweza maso adaona mwala wofiira uja pashelefu.

Satana sabwera ndi nyanga, amabwera ndi masamu. 122 kuchotsera 15 ndi 107. Bouazza adadziuza kuti sakubera munthu aliyense. Adadziuza kuti opanga ndege amasiya mpata, kuti ayamba kukana buledi wa alimi, kuti pofika chaka chamawa nambala ya pabolodi idzakhala yoona. Zonsezi ankadziuza uku akupala utoto ndi mpeni. Utotowo udakhalapo zaka makumi atatu ndipo sudachoke msanga. Atamaliza adapaka mwalawo mafuta akuda a makina, nauika m'bokosi la miyala, ndipo mwala weniweni wa 100 adauponya m'thumba la jekete.

Kunyumba adapeza kusikusi wa Lachisanu, chakudya cha tirigu ndi nyama, akumudikira. Mkazi wake Mbarka adamuthira madzi m'manja, nayang'anitsitsa zala zake.

"Magazi amenewo?"

"Utoto."

"Mukupenta chiyani pachigayo nyengo ino?"

"Chitseko," adatero Bouazza, maso ali m'mbale.

Mbarka adakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ankadziwa kuti chitseko cha chigayo n'chobiriwira. Adangomukankhira nyama kumbali yake monga mwa masiku onse, ndipo ataona kuti saikhudza adati, "Bambo a Naima, ngati ndegeyo ikukudwalitsani musanaigule, mukadzaigula ndiye tidzakuikani m'manda."

Loweruka kudacha bwino, kumapiri kuli chipale chofewa, kumwamba kuli timitambo tija oyendetsa ndege amatikonda. Bouazza adatsitsa sikelo m'galimoto mothandizidwa ndi Hammou, mlonda wa bwalolo, bambo wachikulire amene amadyetsa nkhosa zake udzu wa m'mbali mwa msewu wa ndege ndipo ali ndi mitengo ya maolivi khumi ndi inayi kumapeto kwa mpanda. Anthu adasonkhana pakhomo la shedi, chifukwa kuona wonenepa akukwera sikelo ndi zisangalalo zaulere.

"Mukweze kaye Hammou ndi nkhosa zake, sikelo izolowere," wina adatero.

"Aise, tulutsa buledi m'matumbamo," adatero Lahcen. "Ndi wam'masaya yemwe."

Bouazza adavula jekete, naipinda bwinobwino kuti chitsulo cha m'thumba chisalire, naiika pampando wa galimoto. Adavala parachuti, nakwera. Lahcen ndiye ankakoloweka miyala. Adatola wa 100 m'bokosi, ndipo dzanja la mphunzitsi silikadadziwa kusiyana kwake. Adawonjezera wa 5, nasuntha kachitsulo ka pamkono pang'onopang'ono. Mkono udakwera, udatsika, udaima.

"Handiredi ndi seveni," adatero Lahcen, ndipo m'mawu ake munali kudabwa. "Ndiye kuti mkatimo ndi mpweya wokhawokha."

A Haji adayandikira, naika nkhope pafupi ndi mkono wa sikelo chifukwa cha maso awo aja. Adayang'ana nthawi yaitali. Kenako adawongoka, nagwira Bouazza dzanja. "Mulungu akudalitsire ndegeyi, mwana wanga. Ndi yako."

Anthu adawomba m'manja. Wina adayatsa kambaula, tiyi wa minti adayamba kununkhira, ndipo adatulutsa Beseni panja kuti mwini watsopano amuyese dzuwa likakwera. Bouazza adalandira tambula ya tiyi, koma sadamwe. Ankaganiza kuti zikatheka adzamva kupepuka. M'malo mwake ankalephera kuyang'ana munthu m'maso, ndipo aliyense womugwira paphewa ankamuwonjezera manyazi. Chomwe ankafuna n'kukweza sikelo m'galimoto msangamsanga. Adaika tambula pansi kuti achite zimenezo, ndipo ndi pomwe adaona Hammou akubwera ndi wilibala, mutakwera matumba awiri.

Chaka chilichonse Lahcen amagula maolivi a Hammou, ndipo chaka chilichonse amakangana, chifukwa amangoyerekeza ndi maso. "Lero Mulungu watikomera mtima, aphunzitsi," adatero Hammou, akumwetulira ndi mano ake atatu. "Sikelo ya a Bouazza yabwera yokha pakhomo. Lero simundiuza za maso anu aja."

"Bwerani nawo kuchigayo Lolemba, a Hammou," adatero Bouazza mofulumira. "Pano pansi si polingana."

"Nanga inu mwayezedwa pati?" adatero Hammou, ndipo anthu adaseka.

Adagwetsa matumba awiriwo pathandala. Bouazza adawayang'ana, ndipo diso la zaka makumi atatu lidamuuza kuti ndi 130, mwina kupitirira pang'ono. Lahcen adakoloweka mwala uja, nawonjezera wa 10, nawonjezera wa 5. Mkono udaima.

"Handiredi fifitini," adatero Lahcen. "Mwaonatu, a Hammou? Zaka zonsezi ndimakupatsani zaulere."

Hammou adasiya kumwetulira. Adayang'ana matumba, nayang'ana sikelo. Maolivi amenewo adawathyola yekha ndi mkazi wake masiku anayi, ndipo thumba lililonse adalisenza pamsana kuchokera kumitengo. Adagwira pakamwa pa thumba limodzi, naliyesa kulinyamula pang'ono, n'kulisiya.

"Ine ndimayesa afika handiredi sate," adatero motsitsa mawu. "Koma ngati sikelo ya a Bouazza yatero, ndiye kuti msana wangawu wakalamba. Zopepuka zayamba kundilemera. Perekani za handiredi fifitini, aphunzitsi, pepani pokuvutitsani zaka zonsezi."

Bouazza akadatha kukhala chete. Akadatha kumuitana Hammou mawa lake n'kumupatsa kenakake mwamseri, n'kunena kuti ndi mphatso. Maganizo amenewo adamubwerera ndithu, ndipo mpaka lero amachita nawo manyazi kuposa zina zonse. Koma adaona nkhalamba ikupepesa chifukwa chokhulupirira msana wake, ndipo adakumbukira kuti alimi a pamsika paja, zaka makumi atatu zapitazo, ankaima chimodzimodzi pamaso pa wamalonda uja. Miyendo idamutengera kugalimoto. Adatulutsa mwala weniweni m'thumba la jekete, nabwerera, nachotsa wabodza uja pambedza, nakoloweka wakewo. Mkono udagunda kumwamba. Adawonjezera miyala yekha, mpaka mkono udaima pa 130.

"Msana wanu uli bwino, a Hammou," adatero.

Lahcen adatenga mwala wochotsedwawo, nautembenuza. M'mizere ya manambala munali mutatsalira utoto wofiira umene mpeni sudaufike. Panalibe munthu pabwalopo amene sadamvepo nkhani ya mwalawo, ena kasanu, ena kakhumi, kuchokera pakamwa pa Bouazza yemweyo.

"Aise," adatero Lahcen, maso ali pamwalawo.

Bouazza adachotsa matumba a Hammou, navalanso parachuti, nakwera pathandala. Panalibe amene adafuna kugwira miyala, choncho adawerama n'kumakoloweka yekha. "Handiredi twente-thuu," adawerenga mokweza, monga amachitira kwa mlimi aliyense. Nkhope idamutentha mpaka m'makutu. Adalakalaka nthaka itang'ambika, koma nthaka ya pabwalopo ndi youma.

"Ndiye nthawi zonse zija ndili kumbuyo kwako," adatero Lahcen, "tsiku lija la mphepo ya kumapiri, mapiko akupindika ngati nthochi, iwe ukudziwa?"

"Nambala yeniyeni ndaidziwa dzulo. Koma kuti si handiredi, ndimadziwa kalekale."

"Ukadandiuza, bwenzi nditasiya kapilo kanga ka mtovu, n'kusiyanso chakudya cham'mawa," adatero Lahcen. Ankafuna kuti ikhale nthabwala, koma mawu adatuluka owuma, ndipo palibe adaseka.

A Haji adakhala pampando wawo wachitsulo nthawi yonseyi, tambula ili m'manja. Bouazza adapita kukaima patsogolo pawo ngati mwana wasukulu. Ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo kukalipiridwako akadakulandira mosangalala.

"Chaka chathachi ndidauluka nawe kawiri," adatero a Haji, osakweza mawu. "Ndege ikalemera kutsogolo, ndodo imanena. Dzanja langa linkandiuza kuti munthu uyu wapitirira handiredi teni. N'chifukwa chake ndidati ubwere ndi sikelo. Tsono lija itaima pa handiredi ndi seveni, ndidati mumtima, Larbi, maso adapita, tsopano dzanja nalo lapita, dokotala uja sadalakwe. Ndidakhulupirira chitsulo chako kuposa dzanja langa la zaka makumi asanu." Adamwa tiyi pang'ono. "Wandibwezera dzanja langa. Za chimenecho zikomo. Za zinazo ukambirane ndi Mulungu."

Adatulutsa choko m'thumba la malaya, namupatsa. Bouazza adalowa m'shedi, nafufuta 100 ndi chikhatho, nalemba 115. Kumbuyo kwake ankamva anthu akukankha Beseni kumubwezera mkati.

Munthu wa ku Casablanca adabwera Lamulungu monga adalonjezera, ndipo Lachiwiri Beseni adachoka pabwalopo ali m'ngolo yaitali, mapiko atamasulidwa. Bouazza sadapite kukaona. Kunyumba adamuuza Mbarka zonse, ndipo Mbarka adangoti, "Ndimadziwa kuti chitseko chija n'chobiriwira," kenako adayamba kumuphikira ndiwo zamasamba zopanda mafuta, zomwe Bouazza amadya ngati chilango, poti ndi chilangodi.

Kubwalo amapitabe Loweruka lililonse. Amagwira nsonga ya phiko pamene anzake akunyamuka, amathamanga masitepe atatu, n'kusiya, n'kuima akuyang'ana kumwamba dzanja lili pachipumi. Lahcen adakhala milungu isanu osamutcha aise, kenako tsiku lina adamubweretsera karoti wokulungidwa m'pepala ngati mphatso ya ukwati, ndipo adayambiranso pomwe adalekera. Nambala ya pabolodi tsopano imasintha. Idatsika kufika 109, nyengo ya maolivi itabweranso idakwera kufika 111, chifukwa kukana buledi wa mlimi n'kovutabe. Kuti akwere ndege ya kalabu ayenera kufika 103. A Haji amati adzakhala mpando wakumbuyo tsiku limenelo, ngati onse awiri adzakhale adakali moyo.

Mwala uja adaupakanso utoto wofiira n'kuubwezera pashelefu, koma nkhani yake sakambanso. Safunikanso kukamba, poti nkhani za pabwalo la ndege zidafika kuchigayo iye asanafike. Alimi amabwerabe, ndipo Hammou amauza aliyense kuti kulibe munthu woona ngati a Bouazza, zomwe zimamupweteka Bouazza kuposa kutukwanidwa.

Koma m'nyengo ya maolivi yomweyo kudabwera mlimi wina wochokera kumapiri, amene bambo ake ankayezetsa pa sikelo yomweyi. Adatsitsa matumba ake, napereka moni wonse mwaulemu, nafunsa za ana. Bouazza atakoloweka mwala wa 100, mlimiyo adatsokomola pang'ono, natambasula dzanja.

"Pepani, a Bouazza. Ndingauone kaye?"

Pa zaka makumi atatu panali pasanakhale munthu wopempha zimenezo. Bouazza adachotsa mwalawo pambedza, naupereka ndi manja awiri, ndipo adaima pambali maso ali pansi, kudikira kuti mlimiyo amalize kuutembenuza.